Tauni Ikafika pa Munda Wanu: Makomiti a Bairro ndi Ufulu Wanu pa Malo

Ngati mumalima kufupi ndi Ulónguè, Moatize, Metangula, Mandimba kapena Milange, mwaona kale momwe nyumba za malata zikusenderera chaka ndi chaka. Pomwe makolo anu ankadyetsera ng'ombe lero pali msika, ndipo dimba lomwe linali kwalokha lazingidwa ndi maziko a njerwa. Mwinanso munangomva kuti mudzi wanu tsopano ukutchedwa bairro, ndi kuti nkhani za malo zikukambidwa ku munisipiyo, osati pabwalo la amfumu pokha. Mutu uno ukufotokoza za atsogoleri ndi makomiti omwe ali pakati pa inu ndi munisipiyo: amasankhidwa ndi yani, mphamvu zawo zimalekezera pati, ndipo n'chifukwa chiyani mlimi ayenera kusiya khasu kwa maola angapo kuti akakhale nawo pamisonkhano yawo.

Munisipiyo ndi malire ake

Zisankho zoyamba za mamunisipiyo m'dziko la Mozambique zinachitika mu 1998, m'mizinda ndi matauni 33. Pakati pawo panali Tete, Moatize, Lichinga, Cuamba, Metangula ndi Milange. Mu 2008 chiwerengero chinafika 43, ndipo ndi pomwe Ulónguè inalowa. Mu 2013 chinafika 53, pamene Mandimba ndi Nhamayábué zinawonjezedwa pamodzi ndi ena. Pa zisankho za 2023 mamunisipiyo anali 65, kuphatikizapo Chitima ndi Insaca.

Munisipiyo iliyonse ili ndi nyumba ya aphungu osankhidwa ndi anthu zaka zisanu zilizonse, yomwe pa Chipwitikizi imatchedwa Assembleia, ndiponso khonsolo yotsogozedwa ndi pulezidenti, yomwe imayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku. Assembleia ndiyo imavomereza bajeti ndi mapulani a kakulidwe ka tauni. Misonkhano yake si yachinsinsi, munthu aliyense angathe kukakhala ndi kumvetsera.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti malire a munisipiyo sathera pomwe pathera nyumba. Amalowa mpaka m'minda, m'madambo, m'manda ndi m'nkhalango zotola nkhuni. Mabanja ambiri omwe amadziona ngati a kumudzi ali m'kati mwa munisipiyo pamapepala, ndipo amazindikira zimenezi tsiku lomwe aona anthu oyeza malo atanyamula zingwe ndi zikhomo.

Ufulu wanu susuntha ndi malire

Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 109, amati malo onse ndi a Boma ndipo sagulitsidwa kapena kuperekedwa ngati chikole. Chomwe munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kupindula nawo, womwe umadziwika ndi dzina loti DUAT. Ndime 111 imawonjezera kuti Boma limazindikira ndi kuteteza ufulu womwe munthu anaupeza mwa cholowa kapena mwa kukhala pamalopo.

Lamulo la Malo, nambala 19/97, linatchula njira zitatu zopezera ufulu umenewu: kukhala pamalo motsatira mwambo wa dera, kugwiritsa ntchito malo mokhulupirika kwa zaka zosachepera khumi ngati ndinu nzika, ndi kupempha ku Boma. Linanenanso momveka kuti kusowa kwa chikalata sikuchotsa ufulu wa amene anapeza malo mwa njira ziwiri zoyambazo, ndi kuti umboni wapakamwa wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi, ndi wovomerezeka.

Choncho munda womwe agogo anu anauswa mphanje sunasanduke wopanda mwini chifukwa chakuti walowa m'tauni. Koma onani bwino apa. Ufulu wopanda chikalata umadalira anthu omwe angaimirire n'kunena kuti, "Malo awa timawadziwa, ndi a banja lakutilakuti." Kumudzi mboni zotere sizisowa. M'tauni, momwe alendo amachuluka ndipo zinthu zimayenda ndi mapepala, amene amafunsidwa koyamba ndi atsogoleri a bairro ndi mamembala a komiti. Akakutchulani, mwaoneka. Akakuiwalani, kapena akasankha kukhala chete, munda wanu ungalembedwe ngati tchire.

Atsogoleri a bairro

Pamwamba pa bairro pamakhala sekeretale, secretário do bairro. Pansi pake pali akuluakulu a timagawo ta nyumba, chefe de quarteirão, ndipo m'malo ambiri palinso mkulu wa nyumba khumi. Dongosolo limeneli linachokera m'magulu a grupos dinamizadores a nthawi yomwe dziko linalandira ufulu mu 1975. Pa zaka zimenezo mafumu anaikidwa pambali. Mu 2000, lamulo la Boma nambala 15/2000 linazindikira pamodzi mafumu, masekeretale a bairro kapena a mudzi, ndi atsogoleri ena ovomerezedwa ndi anthu, n'kuwatcha onse atsogoleri a m'madera. Mu 2012 linalowedwa m'malo ndi lamulo nambala 35/2012, lomwe linasunga mfundo yomweyo: choyamba anthu avomereze mtsogoleri wawo, kenaka Boma limuzindikire.

N'chifukwa chake m'bairro limodzi mungapeze mfumu kapena nyakwawa, yemwe amadziwa malire akale a mabanja, ndi sekeretale, yemwe ali ndi chidindo ndipo amafika msanga ku ofesi. Awiriwa akamamvana, zinthu zimayenda. Akamakokana, pamakhala mpata woti malo amodzi aperekedwe kwa anthu awiri. Musalole kuti nkhani ya munda wanu ikambidwe ndi mmodzi yekha. Pemphani kuti onse akhalepo.

Makomiti ndi makhonsolo a uphungu

Mtsogoleri mmodzi sangadziwe zonse, ndipo si bwino kuti azisankha zonse. Pachifukwa ichi, lamulo nambala 8/2003 ndi malamulo olitsatira a 2005 anakhazikitsa makhonsolo a uphungu, conselhos consultivos, kuyambira pamudzi, localidade, posto mpaka pa disitirito. Anali oti akhale ndi mafumu, alimi, amalonda, azipembedzo ndi achinyamata, ndipo panaikidwa mfundo yoti pa mamembala khumi aliwonse, atatu kapena kuposa akhale amayi. Makhonsolo amenewa anatchuka kwambiri kuyambira 2006, pamene ankasankha olandira ndalama za "7 milhões". Anthu ambiri anawadziwa ngati malo ogawira ngongole, n'kuiwala kuti ntchito yawo yoyamba inali kupereka maganizo pa mapulani a dera.

M'mamunisipiyo ambiri muli makhonsolo ndi makomiti ofanana nawo pa bairro, ngakhale maina ndi kayendetsedwe zimasiyana malo ndi malo. Palinso makomiti a madzi, a sukulu, a zaumoyo, a zachilengedwe ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi. Funsani kwa sekeretale kuti m'bairro lanu muli makomiti ati, mamembala ake ndani, anasankhidwa liti ndipo amakumana masiku ati. Ili ndi funso loyenera, si chipongwe. Mukapeza kuti palibe amene akukumbukira tsiku lomwe mamembala anasankhidwa, ndiye kuti nthawi yoitanitsa msonkhano wa anthu onse yakwana.

Zomwe komiti ilibe mphamvu yochita

Komiti imalangiza, imachitira umboni ndi kuyanjanitsa okangana. Siigawa DUAT. Lamulo la 1997, pa ndime 23, linapereka mphamvu yovomereza zopempha malo kwa pulezidenti wa khonsolo ya munisipiyo, m'madera omwe ali ndi pulani ya kamangidwe ka tauni ndiponso ofesi yoyeza ndi kulemba malo. Kalata ya sekeretale, yomwe ambiri amaitcha declaração, ndi umboni wothandiza kwambiri ndipo muyenera kuisunga, koma si DUAT.

Komanso palibe membala wa komiti, mfumu kapena sekeretale amene ali ndi ufulu wogulitsa malo, kaya anu kaya a anthu onse monga dambo, manda kapena bwalo. Tonse tikudziwa kuti m'mphepete mwa matauni ndalama zimasinthana manja, ndipo anthu amati "ndagula poloti". Lamulo limalola kugulitsa nyumba ndi zina zomwe munthu wamanga kapena kukonza pamalo, koma osati nthaka. Amene walipira nthaka kwa mtsogoleri wa bairro angathe kutsala ndi kapepala kopanda mphamvu, ndipo amene munda wake wadulidwa mapoloti iye osadziwa ali ndi mlandu womveka woti akadandaule.

Pulani ya tauni: apa ndi pofunika kukhala maso

Munisipiyo ikafuna kudula mapoloti, kutsegula misewu kapena kupatula malo a sukulu ndi msika, imayenera kukonza pulani. Lamulo la kakonzedwe ka madera, nambala 19/2007, limapatsa nzika ufulu wodziwa za mapulani amenewa ndi kupereka maganizo pamisonkhano yapoyera asanavomerezedwe. Kuwonjezera apo, malamulo a malo a m'tauni, nambala 60/2006, anakhazikitsa kalembera wa anthu okhala pamalo, inquérito aos ocupantes. Akatswiri a munisipiyo amayenda m'dera, motsogozedwa ndi atsogoleri a m'deralo, n'kumalemba amene akukhala kapena kugwiritsa ntchito malo aliwonse ndi momwe anawapezera.

Zotsatira za kalembera ameneyu ndizo zimagwiritsidwa ntchito pozindikira ufulu wa amene anakhala pamalo mokhulupirika, ngati kagwiritsidwe kake ka malo kakugwirizana ndi pulani. Ngati malo anu atengedwa chifukwa cha ntchito yothandiza anthu onse, monga msewu kapena chipatala, lamulo limati mulandire chipukuta misozi choyenera malowo asanatengedwe. Koma amene sanalembedwe amavutika kusonyeza kuti anali pomwepo, makamaka thirakitala ikadutsa n'kufafaniza mizere, nthochi ndi mango omwe anali malire.

Taganizirani za mlimi amene nyumba yake ili m'bairro lina koma dimba lake lili kudambo la bairro loyandikana. Olemba akafika m'mwezi wa mvula, dimba lili m'madzi ndipo palibe amene akulima. Akafika nthawi ya chilimwe pamunda wa chimanga, apeza mapesi okhaokha ndi mbuzi. Munda wogonekedwa kuti ubwerere chonde umaoneka ngati tchire kwa munthu wochokera ku ofesi. Amene angamuuze kuti ndi tsala la banja lakutilakuti ndi munthu wa m'komiti yemwe amalima ndipo amadziwa. Komiti yodzaza ndi amalonda ndi ogwira ntchito m'maofesi okha, ngakhale atakhala anthu abwino, idzaganiza za magetsi ndi misewu, ndipo idzaiwala njira ya ng'ombe yopita kumadzi.

Choncho mukamva kuti kukubwera oyeza malo, musadikire kuitanidwa. Pitani kwa mkulu wa quarteirão wa komwe kuli munda, osati wa komwe mumagona yekha. Yendani m'malire pamodzi ndi anansi anu a mbali zonse, mugwirizane olemba asanafike. Werengani mitengo yanu ya zipatso, zitsime ndi makola, mulembe pa pepala ndi tsiku lake. Olemba akamaliza, pemphani kuona mndandanda wa maina, ndipo muonetsetse kuti dzina lanu lalembedwa monga lilili pa chiphaso chanu. Ngati mwasiyidwa kapena munda wachepetsedwa, dandaulani mwa kalata nthawi yomweyo. Madzi akatayika saoleka.

Pamsonkhano wokambirana pulani, mapu amakhala ovuta kwa aliyense amene sanawazolowere, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Pemphani katswiri kuti aloze pamapu malo omwe mumawadziwa: mtsinje, manda, tchalitchi, chigayo. Kuchokera pamenepo mudzaona komwe msewu ukudutsa. Pemphaninso kuti zonse zimasuliridwe m'Chinyanja kapena chilankhulo china cha m'deralo. Msonkhano womwe wachitika m'Chipwitikizi chokha, pamaso pa anthu omwe theka lawo silinamve, wangokwaniritsa mwambo.

Kunja kwa malire a tauni

Ngati mudzi wanu uli kunja kwa munisipiyo, njira ndi ina koma phunziro ndi lomwelo. Munthu kapena kampani ikapempha malo, pamayenera kuchitika msonkhano wofunsa anthu, consulta comunitária, kuti zitsimikizike ngati malowo alibe owagwiritsa ntchito. Malangizo a unduna a 2011 anati kufunsaku kuchitike m'magawo awiri: msonkhano woyamba wofotokozera anthu, ndi wachiwiri womva yankho lawo, kuti apeze nthawi yokambirana paokha. Zomwe zagwirizanidwa zimalembedwa m'kalata yotchedwa acta. Poyamba acta inkasainidwa ndi nthumwi za anthu zitatu mpaka zisanu ndi zinayi. Mu 2010, lamulo nambala 43/2010 linapereka udindo wosainawu kwa mamembala a makhonsolo a uphungu a pamudzi ndi a localidade. Apa mukuona kulemera kwa mpando umenewu: munthu yemwe munamusankha mosaganizira, chifukwa palibe wina amene anafuna, ndi amene dzanja lake lidzaimira mudzi wonse.

Musalole kuti acta isainidwe isanawerengedwe mokweza. Lonjezo la sukulu, mjigo kapena ntchito lomwe lanenedwa pakamwa koma silinalowe mu acta ndi lovuta kulilondola. Lonjezo lililonse likhale ndi chiwerengero, malo ndi nthawi yake, ndipo kope limodzi litsale m'mudzi.

Zomwe zinachitika ku Moatize zimadziwika ndi onse m'chigawo cha Tete. Mu 2009 ndi 2010, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Ena anapita ku bairro la 25 de Setembro, ndipo omwe anawerengedwa ngati alimi anapita ku Cateme, kutali ndi msika wa Moatize. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za minda, madzi ndi nyumba. Chaka chomwecho Boma linatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu, nambala 31/2012, omwe amafuna kuti pachitike misonkhano yapoyera yosachepera inayi. Komwe banja linakathera kunadalira kwambiri momwe linalembedwera pa kalembera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mpando wa amayi

Lamulo limapereka ufulu wofanana pa malo kwa amuna ndi akazi, ndipo cholowa sichisankha mwana wamwamuna kapena wamkazi. M'madera ambiri a Achewa munda umatsata mbumba, ndipo mwamuna amabwera chikamwini. Koma olemba akafika amakonda kufunsa kuti, "Mwini nyumba ndani?" ndipo dzina lomwe limalowa m'buku ndi la bambo. Ukwati ukatha kapena bambo akamwalira, pepala limanena zosiyana ndi zomwe mudzi wonse ukudziwa. Inu amayi, nenani kuti dzina lanu lilembedwe, nokha kapena pamodzi ndi la amuna anu, popeza lamulo limalola kuti anthu angapo akhale ndi DUAT imodzi. Ndipo mukasankha amayi a m'komiti, musasankhe ongodzaza chiwerengero kapena ophika tsiku la alendo. Sankhani amene angaimirire n'kufunsa funso kachiwiri ngati silinayankhidwe. Nthawi ya msonkhano nayonso ndi nkhani: ukaikidwa m'mawa nyengo yopalira, kapena madzulo pophika, ndiye kuti ena achotsedwa kale.

Ndalama za bairro

Makomiti sakhalira kuteteza kokha. Angathenso kusankha zomwe zichitike. Ku Porto Alegre, m'dziko la Brazil, kuyambira 1989 anthu a m'madera anayamba kusonkhana n'kusankha okha ntchito zomwe gawo la bajeti ya mzinda ligwire. Kuno kwathu, Dondo m'chigawo cha Sofala inadziwika chifukwa chokonza mapulani ake pamodzi ndi magulu a m'mabairro kuyambira zaka zoyambirira za mamunisipiyo, ndipo mzinda wa Maputo unayamba njira yotere mu 2008. Ndalama zoperekedwa mwa njira imeneyi nthawi zambiri zimakhala zochepa poyerekeza ndi bajeti yonse, ndipo sizimanga zinthu zazikulu. Komabe kamlatho kopita kudambo, shedi ya pamsika kapena mjigo ndi zinthu zomwe zimasintha moyo wa mlimi.

Ngakhale munisipiyo yanu ilibe dongosolo lotere, mumalipira msonkho ndi tikiti ya pamsika tsiku lililonse lomwe mwagulitsa tomato kapena mbatata ya kachewere. Muli ndi chifukwa chokwanira chofunsira kuti ndalamazo zikugwira ntchito yanji m'bairro lanu. Bajeti ya chaka chotsatira imakonzedwa chaka chisanathe, choncho zofuna za bairro ziperekedwe mwa kalata nthawi ikadalipo.

Komiti ikapanda kukumverani

Zimachitika kuti mamembala amaopa akuluakulu, amatengeka ndi chipani, kapena amalandira kangachepe kwa ofuna malo. Ena amangotopa, pakuti ntchitoyi kawirikawiri ilibe malipiro. Bairro ndi la onse okhalamo, ndipo simufunika khadi ya chipani chilichonse kuti mulankhule za munda wanu.

Yambani ndi kupempha msonkhano wa anthu onse, mafumu ndi sekeretale ali pomwepo. Zikakanika, lembani kalata kwa pulezidenti wa khonsolo, ndi kope lina ku Assembleia. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 79, amapatsa nzika iliyonse ufulu wopereka madandaulo kwa akuluakulu oyenera. Kalata yosainidwa ndi mabanja makumi awiri imamveka kuposa ya munthu mmodzi, ndipo amene sadziwa kulemba adinde chala. Ngati mukufuna kuona pulani, mndandanda wa maina kapena acta, lamulo la ufulu wodziwa zinthu, nambala 34/2014, limapatsa ofesi masiku 21 kuti iyankhe, ndipo simukakamizidwa kufotokoza chifukwa chomwe mukufunira.

Mikangano ya malire pakati pa anansi ingathe kuthera kwa amfumu kapena kubwalo la milandu la m'dera, tribunal comunitário. Koma ngati mukulimbana ndi ofesi kapena kampani, pitani ku IPAJ, bungwe la Boma lothandiza pamilandu anthu omwe sangathe kulipira loya, kapena ku ofesi ya Procuradoria ya disitirito yanu. Kulikonse komwe mukapereke kalata, tengani makope awiri. Wolandira adinde chidindo ndi kulemba tsiku pa kope lanu, ndipo mukalisunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi declaração, malisiti a msonkho ndi maina a mboni zanu, pamalo pomwe chiswe ndi mvula sizifika.